Chitseko cha apongozi

Nkhaniyi ndaibisa zaka zambiri, koma mkazi wanga, NyaTembo, wayamba kuifotokoza molakwitsa. Bola ndidziyalutse ndekha.

Kale, Boma la Mzimba lili ndi nyumba zowerengeka chabe, ndinachoka ku Kasungu kukagwira ukalipentala kumeneko. Ndinkadziwa kuwerenga pulani, ndipo matama ndinali nawo.

Nditakonda NyaTembo wa ku Euthini, ndinaganiza zokometsa mbiri yanga: ndipangire makolo ake chitseko cha matabwa, choyamba m'mudzi monse. Ndinabwereka pulani ya mzungu wa zomangamanga. Pa pulanipo m'mphepete mwa chitseko munali mopendekeka pang'ono, ndi kampata kolowa kamtengo ka machesi.

"Dzanja la bwana linanjenjemera apa," ndinauza a Gondwe, kapitawo wathu.

"Yayi, adada! Palani mopendeketsa, musiye kampatako. Thabwa likamwa mvula limafufuma."

Ine kumva? Ndinawongola ndi sikweya, chida choyezera makona. Chitseko chinalowa gwa, nyerere osadutsa!

Mvula inagwa sabata yathunthu. Tsiku loti akuluakulu akambe za ukwati wathu, bambo a NyaTembo anadandaula kuti chitseko chikukana kutsekeka.

"Simukuchidziwa chabe," ndinatero. "Taonani!"

Ndinalowa, n'kuchigunda ndi phewa. Phwa! Chinatsekeka. Kukoka, osatheka. Kukokanso, chogwirira chinanditsalira m'manja.

Kenako kumbuyo kwanga wina anatsokomola.

Amayi a NyaTembo! Anali pakona, akusankha nyemba. Kumeneko mkamwini akaona apongozi aakazi m'njira amapatukira kutchire, ine ndadzitsekera nawo m'nyumba yopanda windo. Ndinagwada, nkhope kukhoma, thukuta kamukamu. Kunja amuna akukankha, ena akuseka. Mumtima ndinati basi, NyaTembo ndamutaya, ndipo misozi inalengeza.

Mayiwo anatembenukira kukhoma linalo. Ndinangomva kasemasema akukhwekhwerezedwa pansi mpaka kundigunda phazi.

"Chitseko n'chiweme chomene," anachiyamikira m'Chitumbuka motsitsa mawu, ngati akuuza khomalo. "Wakuba sangalowe. Kweni semani pachoko, mkweni wane, nyemba zikufuna moto."

Mkweni wane! Mkamwini wanga! Akuluakulu asanagamule n'komwe, mayi anali atandilandira. Ndinasema chitseko changa chokongolacho ndikumwetulira ngati chitsiru, mopendeketsa, monga ananenera a Gondwe.

Titatuluka, bambo aja anayang'ana zipalapala zili mbwee, nati, "Ndiye ukalipentala wa ku Boma umenewu?"

"Mlekeni," anatero mayi. "Waphunzira lero."

Mzere ukapendekeka pa pulani, abale, musauwongole: simudziwa amene akusankha nyemba kuseri kwa chitseko.