Kwa Bwana Amene Anatiphunzitsa Kusambira pa Kapeti

Kwa Bwana Mkulu Woona za Chitetezo cha Aphunzitsi,
Ku Boma, Mzimba.

Wolemekezeka Bwana,

Ndine Bestone Chimbalanga, mphunzitsi wa Jogalafe pa kasekondale kali kutsidya kwa mtsinje mukapitirira Manyamula. Kwathu ndi ku Dowa, digiri ndili nayo, kusambira sindidziwa. Kalata yanu yondiitana kuti Lachinayi ndikayankhe mlandu wochedwetsa mayeso inafika Lachisanu, ndipo ndinailandira ndi manja awiri. Mwalembamo kuti ndikapanda kuonekera ku Boma, ntchito yatha. Ndisanadandaule, ndiloleni ndithokoze.

1. Zikomo chifukwa cha maphunziro a mu Okutobala. Munthu wosaganiza bwino akanatigulira chingwe, kapena kukonza mlatho umene unapita ndi madzi zaka zitatu zapitazo. Inu munaona patali. Munatipezera a Justus, katswiri woyenda ndi alendo pansi pa nyanja atabereka mabotolo a mpweya, kuti atiphunzitse kukonzekera ngozi. Masiku atatu, aphunzitsi makumi anayi tinagona chafufumimba pa kapeti ya loji, tikupalasa miyendo, kunja fumbi lili koboo. Palibe anamira. Satifiketi munasaina nokha, yanga ndinaiika mu felemu.

2. Anzanga anadya nkhuku n'kuiwala zonse. Ine, pokhala munthu wa sukulu, ndinalemba mawu aliwonse n'kupita nawo kunyumba. A Justus anati pansi pa madzi suyenda wekha, ndipo musananyamuke umaona kaye zida za mnzako. Ndinayambira pa akazi anga a Linily. Akamapita kumsika ndinkawaimitsa pakhomo, kuona ngati foni ili ndi moto, ngati patapata sakufuna kuduka. Tsiku lachinayi anandifunsa ngati ndinakwatira munthu kapena njinga. Katswiriyo anatinso mpweya umaugawa patatu: wopitira, wobwererera ndi wosunga. Ndinagawa patatu sopo, makandulo, ngakhale usipa. Wosungawo unadyedwa ndi mphaka.

3. Koma lamulo lalikulu, limene inu munaliombera m'manja mutaimirira, linali lakuti munthu akaona kuti mtima sukumupatsa, athetse ulendo nthawi iliyonse, ndipo asafunsidwe chifukwa. Bwana, m'kalata yanu muli mafunso asanu ndi awiri, onse oyamba ndi "chifukwa chiyani".

Nachi chifukwacho. Lolemba lija ndinkachokera ku Manyamula ndi envulopu ya mayeso oyeserera a Folomu 4. Ndinapeza mtsinje utafiira, ukudutsa ndi mtengo wa nthochi wathunthu. Ndinachita monga munatiphunzitsira: ima, puma, ganiza. Ndinaima. Ndinapuma. Ndinaganiza maola awiri, kenako ndinathetsa ulendo n'kubwerera. Lachiwiri chimodzimodzi. Kutsidyako ana makumi asanu ankandidikira ndi zolembera m'manja, ndipo ndinamva pambuyo pake kuti ena a iwo anawoloka pomwepo m'mamawa, yunifolomu ili pamutu, ine ndisanayambe kupuma kwanga.

Lachitatu anandipeza pagombe pomwepo mayi Felesta, ogulitsa tomato, amene amawoloka mtsinjewo tsiku ndi tsiku. Anandiyang'ana ndikukoka mpweya ngati matayala akupopedwa, n'kundiitana monga aitanira aphunzitsi kuno, "Asambizgi, mukuombeza ula? Madzi sangapume chifukwa inu mukupuma, yayi. Vulani buluku, ndapota." Ndinawafotokozera za satifiketi. Anandifunsa ngati imayandama.

Kenako anandionetsa mwala wakuda pakati pa mtsinje. Mwalawo ukamaoneka, anthu amawoloka. Ukabisika, ngakhale iwo amakhala pansi. Bwana, Lolemba ndi Lachiwiri mwalawo unali poyera. Ndinauyang'ana maola anayi, ine wophunzitsa za mitsinje, ndikuganiza kuti kodi ndi mwala wamtundu wanji.

Anaika mayeso aja m'dengu la tomato n'kusenza, anandigwira pamkono, anandiuza kuti ndizikhwekhwereza mapazi, maso pa mtengo wa kutsidya osati pa madzi. Pakati pa mtsinje mfundo zonse za a Justus zinandithawa. Ndinkangoitana amayi anga a ku Dowa. Ndinatulukira kutsidya ndili ndi kabudula wamkati ndi tayi, Folomu 4 yonse ili pagombe kuonerera. Mayi Felesta anandipatsa envulopu youma bwinobwino n'kunditonthoza kuti, "Yewo chomene, asambizgi, mwayesetsa. Mbuzi zimavuta kuposa inu."

4. Tsono dandaulo langa ndi laling'ono. Kuyambira Loweruka mwala uja wabisika. Mayi Felesta sakuwoloka, tomato akuwawolera pakhonde. Ine ndili kutsidya kuno, mlandu uli kutsidya kwanuko. Ndikawoloka, ndaphwanya satifiketi imene munasaina, ndipo mwina mukanditola ku boma lina. Ndikakhala, ndaphwanya kalata imene munasainanso ndi dzanja lomwelo. Ndaziika ziwirizi pa tebulo, ndazifanizira: siginecha ndi imodzi, yokongola kwambiri.

Choncho ndikupempha, mogwada, kuti mlanduwo ukachitikire pamtsinje. Mubwere ndi galimoto yanu yaikulu ija ya paipi yopumira m'mwamba, muime kutsidya kwanuko, ine ndiima kwanga, mafunso asanu ndi awiriwo muzikuwa, ine ndiziyankha. Mutenge chimkuzamawu, madzi akusokosa. Mukagamula zondichotsa ntchito sindidzatsutsa. Ndikungopempha kuti kalata yake musatume mesenjala, ali ndi ana. Muwoloke nayo nokha, ndidzaisainira kutsidya kuno.

Ine wantchito wanu womvera, woumako pang'ono,

Bestone Chimbalanga
Mphunzitsi wa Jogalafe, mpaka Lachinayi