Kabotolo Kanga, Zam'kati za a Mofati

A Mofati anali atatha mphindi makumi awiri m'chimbudzi, ali ndi kabotolo kanga. Ine ndinali panja, dzanja lina pachitseko, lina pamimba. Ndinagogoda kachitatu. Anandiuza kuti ndisawathamangitse, zinthu zimenezi sizibwera ngati wina akuzidikira pakhomo.

"Achimwene, zanga zafika kale," ndinatero.

"Gwirani."

Ndinagwira. Sindinagwire zonse. (Buluku la tsiku limenelo musalifunse. Linapita ndi galimoto ya zinyalala.)

Ndibwerere kaye m'mbuyo, kuti mudziwe chimene bambo wa ana atatu ankadikira pakhomo la chimbudzi m'mawa umenewo.

Ndimakhala ku Clermont, muno mu Durban, m'kachipinda ka lendi kuseri kwa nyumba ya mayi wina wachizulu. Zipinda zilipo zisanu ndi chimodzi, chimbudzi ndi chimodzi. A Mofati amakhala chipinda chotsatira. Kwawo ndi ku Dedza, ine ku Ntcheu. Amasamalira maluwa kwa mzungu wina, ndipo ali ndi mimba yachitsulo. Amadya nyemba za tsabola wa Amwenye, kumwera madzi a pampopi, n'kugona tulo. Chipatala amangochiona ali m'takisi.

Ine nthawi imeneyo ndinkanyamula mapaleti, matabwa osanjikapo katundu, pa fakitale ina ku Pinetown. M'mimba munali mutayamba zaka zitatu m'mbuyomo. Kupotokola, kutsegula, magazi. Ndinayesa adyo. Ndinayesa makala, masamba a gwafa, madzi opemphereredwa. Pomaliza ndinapita kuchipatala cha boma, kumene anandilowetsa kapaipi ka kamera malo amene salowa alendo. Adokotala anati matumbo anga aakulu ndi otupa, ali ndi zilonda, ndipo matenda amenewa satheratu. Amagona, n'kudzuka. Mapiritsi awo anawagoneka chaka chimodzi. Kenako anadzuka, ndipo sanagonenso.

Kuchimbudzi kakhumi patsiku. Nthawi zina kuposa. Ukanyamula paleti, mimba imati ikani pansi. Folomani wathu anayamba kundiyang'anitsitsa ndikamadutsa. Tsiku lina anandiimitsa n'kundiuza kuti iye analemba wonyamula katundu, osati mlonda wa chimbudzi, ndipo zikapitirira, mwezi wamawa ndisabwere. Ku Ntcheu kuli amake Chisomo ndi ana. Amadya ndi mapaleti amenewo. Sindinawauze kanthu. Pafoni ndinkati ndili bwino, kungoti kukutentha.

Ndiye adokotala a kuchipatala cha boma anandiuza za kafukufuku. Anati kufupi ndi Greyville kuli gulu la madokotala limene likuyesa mankhwala atsopano a matenda anga omwewa. Anandilembera kalata. Koma anandichenjeza kuti satenga aliyense. Amayeza kaye, n'kusankha.

Za kusankha ine ndimazidziwa. Zaka ziwiri zoyamba muno mu Durban ndinazithera m'mphepete mwa msewu ku Pinetown, kudikira ganyu. Baki, galimoto yonyamula katundu ija, imaima, bwana amatsitsa galasi, n'kuloza ndi chala: iwe, iwe, ndi iwe. Wotsokomola satengedwa. Woonda satengedwa. Tinaphunzira kutukumula chifuwa ndi kuvala majekete awiri kuti mapewa aoneke. Agogo anga omwe, popita kumigodi kalelo, ankati ankamwa madzi chigubu chathunthu asanakwere pasikelo. Kwathu, munthu akamakusankha, umabisa chilonda. Palibe anandiuzapo zina.

Ku kafukufuku kuja ndinalandiridwa ndi nesi, a Sisita Tembo. Atawerenga dzina langa pakalata anatseka chitseko, n'kusiya Chingerezi. Anati kwawo ndi ku Chipata.

"Muli bwanji, atate?"

"Ndili bwino," ndinatero. Pakamwa panayankha pokha.

Anandiwerengera mapepala pafupifupi ola lathunthu, pang'onopang'ono, m'Chinyanja chawo. Anati nditha kusiya nthawi ina iliyonse. Anati poyamba ena amalandira mankhwala enieni, ena ongofanana nawo, ndipo ngakhale iwo sadziwa kuti uyu walandira ati. Ananena zambiri. Ndikukhulupirira kuti ananenanso mtundu wa anthu amene akuwafuna. Ine ndinali kuwerenga mumtima mapazi ochokera pampando wanga kukafika pachitseko cha chimbudzi chimene ndinachiona polowa. Akafunsa ngati ndamva, ndinkati yebo. Komanso tanenani, mayi wa msinkhu wa mlongo wanga wamng'ono, ndizikambirana naye maonekedwe a chimbudzi changa? Ndinkangoyang'ana nsapato.

Anandipatsa zinthu ziwiri. Kabuku, koti ndizilembamo tsiku lililonse kuti ndapita kangati komanso ngati munali magazi. Ndi kabotolo kokhala ndi kasupuni pachivindikiro, koti ndidzabwere nako Lachinayi la sabata yotsatira. Potsanzikana anati ndilembe zoona zokhazokha.

Masiku atatu oyamba ndinalemba zoona, ndi pensulo. 9, 11, 10. Magazi, magazi, magazi.

Lamlungu titaweruka kutchalitchi a Mofati analowa kudzabwereka sopo, n'kukaona kabukuko pabedi. Anawerenga, n'kukhala pansi. Anapukusa mutu nthawi yaitali.

"Inuyo mutakhala bwana," anatero, "munthu wa ka 11 patsiku mungamutenge?"

Ndinati ayi.

Anati mankhwala atsopano ndi odula, sangawatayire munthu wotha kale. Anati madokotala amenewo akufuna dzina labwino, akufuna anthu oti achire msanga kuti adzawaonetse kwa mabwana awo. Wa ka 11 angawafere m'manja. Zonsezi ananena ngati munthu amene anagwirapo ntchito kuchipatala, chonsecho ndi wodulira maluwa. Koma zinkamveka. Zinkafanana ndi zonse zimene ndinaziona pamoyo wanga.

Tinabwereka labala. Ndinafufuta. A Mofati ankafuna ndilembe 1 tsiku lililonse, ngati iwo. Ine ndinati bodza lisachuluke, ndine mkhristu. Tinalemba 2, 1, 2, ndipo pa Lamlungu tinaika 3 kuti zioneke zaumunthu. Pa magazi tinalemba ayi kuyambira pamwamba mpaka pansi.

Kenako a Mofati anayang'ana kabotolo kaja. Anati kabuku takonza, koma aka kadzatiulula.

Sindinawapemphe. Anadzipereka okha. Lachitatu anadya bwino, anakana ngakhale tsabola, ati kuti zinthu zituluke zaulemu. Ndipo Lachinayi m'mawa ndi pamene munandipeza, ine wodwala ndili panja, wamoyo ali m'kati akulephera. Anatuluka patapita theka la ola, thukuta lili kamukamu, atagwira kabotoloko ndi manja awiri ngati akupita kukapereka chakhumi.

Ndinasamba, ndinasintha. Ndinavala majekete awiri, ngakhale dzuwa la Durban linali litayamba kale kuwotcha. Kabotoloko ndinakakulunga m'pepala la buledi n'kukaika m'thumba lam'kati. M'takisi ndinakhala pakati pa amayi awiri onenepa, chigongono chili pathumba. A Mofati anaimba foni kufunsa ngati katundu wafika bwino. Ankalankhula Chichewa mokweza, ndipo m'takisi ya ku Clermont Chichewa sitilankhula, kuopa kudziwika kuti ndife obwera. Ndinangoti shapu, shapu, n'kudula.

A Sisita Tembo anatsegula kabukuko. Anayang'ana manambala, anayang'ana ine, anayang'ananso manambala. Anafunsa ngati m'mimba mwasintha chonchi m'sabata imodzi. Ndinati Mulungu ndi wabwino. Anapendeketsa tsambalo chakuwindo, pamene labala anadya pepala.

"Atate, muno mulibe manyazi. Izi ndi zoona?"

Ndinatukumula chifuwa. Ndinati ndi zoona.

Nthawi yonseyo mimba inali ikugogoda. Chitseko cha chimbudzi chinali pompo, mapazi khumi ndi anayi. Sindinapiteko. Munthu wa kawiri patsiku sathamangira kuchimbudzi cha eni. Ndinakhala ndi thukuta langa, akundikoka magazi, akundiyeza kuthamanga kwa mtima. Pasikelo anandiuza kuti ndivule jekete. Nditavula, anaona linalo. Anangodikira kuti ndivulenso. Nditatuluka ndinathamangira pagalaja ya mafuta ya pakona, n'kupeza chimbudzi chake ndi chokiya. (Apanso musafunse.)

Masabata awiri ndinadikira. Ndinkanyamula mapaleti mutu ukuzungulira, koma mtima unali m'malo. Ndinkadziwa kuti mayeso ndakhoza. Ndinauza ngakhale folomani kuti apirire pang'ono, ndatsala pang'ono kuyamba mankhwala amphamvu.

Atandiitana ndinapeza adokotala a kafukufuku, mayi wachimwenye wa magalasi, ali ndi a Sisita Tembo otanthauzira. Adokotala anamwetulira. Anati ali ndi nkhani yabwino. Chimbudzi changa sichikuonetsa kutupa kulikonse, ndipo kabuku kakugwirizana nazo. Matenda anga agona.

Ndinagwedeza mutu. Ndinadikira kuti anene tsiku loyamba jakisoni.

Anapitiriza. Anati pa chifukwa chimenecho sangandilowetse m'kafukufuku. Iwo akufuna anthu amene matenda ali maso, opita kuchimbudzi kambirimbiri, otuluka magazi. Munthu amene ali bwino kale, adzadziwa bwanji kuti mankhwala amuthandiza? A Sisita Tembo anatanthauzira mawu amenewa akundiyang'ana m'maso.

Moyo wanga wonse, malo amodzi okha amene ankafuna munthu wotha ngati ine. Ndipo ndinapitako nditavala majekete awiri.

Adokotala sanathere pomwepo. Anati chinthu chimodzi chikuwadabwitsa, magazi anga ndi ochepa kwambiri kwa munthu amene akupeza bwino. Koma mwina chifukwa chake achipeza. M'kabotolo muja munali mazira a njoka zam'mimba, ambiri ndithu. Anandilembera kapepala ka mankhwala a njoka, anandigwira dzanja, n'kutuluka.

Ndinatsala ndi a Sisita Tembo. Fani inkazungulira. Ndinayang'ana kapepalako nthawi yaitali.

"Njokazo si zanga," ndinatero.

"N'za ndani?"

"Za a Mofati."

Sanaseke. Bola akanaseka. Anafunsa kuti a Mofati ndi ndani, ndipo ndinafotokoza zonse, labala, pepala la buledi, baki ya ku Pinetown. Anavula magalasi n'kutikita maso. Anati zimene ndinachitazo zikanatha kundivulaza, chifukwa dokotala amapereka mankhwala poona zimene wapatsidwa. Anati zikanasokonezanso zotsatira za anthu ena onse amene akudikira mankhwala amenewa. Kenako anafunsa manambala enieni. Ndinawauza. Anapuma mozama, n'kuti eish, atate, inu ndi amene tinkakufunani.

Ndinafunsa ngati ndingayambirenso. Kabotolo kena, kabuku kena, cholembera cha inki.

Anapita kukafunsa. Anakhalitsa. Pobwera anali ndi adokotala aja, osamwetuliranso. Adokotalawo anati malo onse anadzaza sabata imeneyo, kulemba anthu kwatsekedwa, ndipo si iwo amene amatsegula. Chimene akanatha ndi kulembera kalata kuchipatala cha boma, yonena zoona, kuti andione msanga chifukwa cha magazi ochepawo. Kukadzabwera kafukufuku wina adzandiimbira, koma sangalonjeze kuti ndi liti. A Sisita Tembo anatenga kapepala ka mankhwala a njoka kaja n'kukang'amba. Anati a Mofati apite okha kukiliniki ndi mimba yawo. Anandipatsa kabuku katsopano kuti ndizilembabe, kadzathandiza adokotala anga.

Potuluka ndinalowa m'chimbudzi chawo chija. Choyera, cha sopo wonunkhira, pepala lofewa. Ndinakhalamo nthawi yaitali. Panalibenso chobisa.

Mwezi utatha folomani anasunga mawu ake, ntchito inatha.

Kuchipatala cha boma anandionjezera mapiritsi ena ndi a magazi, n'kundiika pamzere wodikira dokotala wamkulu wa matumbo. Mzerewo ndi wautali. Kabuku ndimalemba ndi inki tsopano. Dzulo ndinalemba 10. Foni ndimagona nayo pafupi, yodzaza moto, koma a ku Greyville sanaimbe.

Mwina mukuganiza kuti ndinaphunzirapo. Sindikudziwa. Ndabwerera pamsewu paja ku Pinetown, ndipo ndinasankha malo oyandikana ndi galaja imene sakiya chimbudzi. Baki ikaima ndimatukumula chifuwa. Majekete ndi awiri omwe aja, kungoti tsopano akukhwepa. Amake Chisomo anaimba Lamlungu, kufunsa chifukwa chake mawu anga akumveka otopa. Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwauze. Panatuluka kuti ndili bwino, kungoti kukutentha.

A Mofati anapita kukiliniki. Anamwa mapiritsi awo, njoka zinatuluka, ndipo anenepa. Masaya aoneka. Akuti sankadziwa kuti munthu angamve kupepuka chonchi. Loweruka lapitali anandipeza pampopi ndikuchapa buluku, iwo akutafuna chigwinya chamafuta, mandasi a kuno. Anati kafukufuku ameneyu ndi wabwino kwambiri, wawathandiza, ndikadzapitako ndikawathokozere asisita aja. Kenako anayang'ana uku ndi uku, anawerama, n'kutsitsa mawu.

"Akadzakuitananinso mundiuze msanga, achimwene. Pano njoka ndilibe. Ulendo uno tidutsa."

Ndinafinya buluku langa, ndinaliika paphewa, n'kumapita.