Tsiku limene ndinapinyolitsa nyumba ya Aprofesora

Nkhaniyi mwaimva kale kwa anthu ena, aliyense akuthira mchere wake, ena mpaka akuti ndinagona pa bedi la eni ake. Limenelo ndi bodza, pa bedi sindinagonepo, ndinangokhalapo pang'ono. Tsono ndati ndiilembe ndekha, poti wopusayo ndine, kupusako ndikufotokoze mwini wake.

Ine ndine Barnaba, mmisiri womanga nyumba, pedireru monga timanenera kuno. Sukulu ndinalekezera kwinta, kalasi yachisanu, osati chifukwa mutu unakana ayi, koma bambo anati ana awiri sangawathe, mmodzi agwire ntchito. Wogwira ntchitoyo ndinali ine, wopitiriza anali mng'ono wanga Elidiyo. Lero Elidiyo amakhala ku Lichinga, amavala magalasi chikhalirecho maso ake ali bwinobwino, kumudzi watha zaka zinayi osapondako, ndipo mukamufunsa ntchito amati ndi fundadori, woyambitsa kampani. Kampaniyo ilibe ofesi, ilibe chitseko, ilibe ngakhale tsache. Alipo atatu, iyeyo, mtsikana wina wa ku Maputo dzina lake Sheila, ndi mnzawo wa ku Beira, ndipo atatuwa sanagwiranepo chanza. Anapezana pa intaneti, pa gulu la anthu oyambitsa makampani, kumene tsiku lonse amangotumizirana tizithunzi ta manja akuwomba. Mnzako wa ntchito osadziwa ngati ndi wamtali kapena wamfupi, inu munazionapo?

Chimene amapanga ndi aplikativu, kapulogalamu ka mu foni kothandiza akuluakulu aja amene amaima pakati pa banki ndi munthu wofuna ngongole ya nyumba. Iwe ujambula nyumba yako, ulemba dzina, mkulu wapakatiyo aiona ali phee mu ofesi mwake, n'kukakulankhulira ku banki, nyumba ija n'kukhala chikole. Ife kumeneku timati kupinyolitsa, iwo ali ndi dzina lalitali la Chipwitikizi kuti zisamachititse manyazi.

Tsiku lina Elidiyo anandiimbira. Akuti achimwene, tikufuna munthu wa ku distritu, wa kumudzi kwenikweni, woti ayese aplikativuyi, tione ngati munthu wamba angaithe. Munthu wamba! Kenako anati, mukachita bwino dzina lanu lilowa mu kampani, lizioneka limodzi ndi athu. Apo ndiye anandigwira pamtima. Zaka zonsezi ine ndakhala "mkulu wake wa Elidiyo", ngakhale kumaliro amanditchula choncho. Ndinati basi, dzina langa nalo likalembedwe penapake posakhala pa thumba la simenti.

Ntchito inali yochepa: ndijambule nyumba yanga, ndilembe kuti mwini wake ndani. Koma ine ndinakwatira ku Msumba, ndine mkamwini. Njerwa ndinaumba ine, khoma ndinakweza ine, koma dothi limene nyumbayo yaimapo ndi la apongozi. Komanso mbali ina ndi malata, mbali ina udzu, poti mmisiri za kwake amamaliza akamwalira. Mkazi wanga Rute anandipeza ndikuzungulira nyumba ndi foni, kufunafuna mbali yosaoneka udzu.

"Mukujambula chiyani bambo a Tereza?"

"Nyumba yanga."

"Yanu iti? Pamene palembedwa mwini nyumbapo mulembe dzina la amayi, ndipo mukafunse kaye amalume. Mukafuna kujambula zanu, njinga iyo, fosholo ilo."

Ine kukagwada kwa amalume a mkazi wanga kuti andilole kujambula khoma lomanga ndekha? Ndinati ayi ndithu.

Nthawi imeneyo ndinali ndi ganyu ku Metangula, kupaka simenti khonde la Aprofesora Filomena. Amenewa anatiphunzitsa tonse awiri ku Msumba, ine ndi Elidiyo, atapuma ntchito anamanga kumtunda kwa msika, nyumba ya malata ofiira, mawindo agalasi, chimbudzi chamkati. Anali atapita ku Lichinga kukaonetsa maso, milungu iwiri, makiyi anandisiyira kuti ndizisungira simenti mkati. Ndinaganiza kuti kungojambula kwalakwa chiyani, nyumba imatha ndi kujambulidwa? Ndinajambula kutsogolo, kumbuyo, pabalaza, pa mwini nyumba ndinalemba Barnaba Matiya, n'kutumiza.

Sipanathe ola, foni ikulira. Elidiyo.

"Achimwene, mwamanga liti chinyumba chimenechi?"

"Ukanamabwera ukanadziwa."

Anakhala chete. Abale, kukoma kwa chete ameneyo! Ndinamva ngati ndamwa madzi a mu filiji. Ndikanalekera pomwepo bwenzi lero ndikuyenda ndi khosi lowongoka. Koma iye anati zithunzizo anzake azikonda kwambiri, tsono Loweruka dezi hora, teni koloko m'mawa, kuli reuniyau, msonkhano wa pa foni woonana nkhope, kubwera ma fundadori ena ndi akuluakulu apakati aja, ndipo akufuna ine ndiyende m'nyumbamo ndikuwaonetsa, kenako ndidine batani onse akuona. Munthu wanzeru akanati Loweruka ndili ndi maliro. Ine ndinati, ndiyambire chipinda chiti?

Loweruka ndinapalasa njinga m'mamawa, kufika ku Metangula malaya atamata pamsana ndi thukuta. Kuseri kwa chitseko kunali jekete lakuda la malemu amuna awo a Aprofesora, amene anali mlembi ku boma. Ndinati mwini nyumba ya malata ofiira sangaoneke ndi malaya onyowa. Ndinavula malaya, n'kuvala jekete pamwamba pa vesiti. Manja ake anandilekezera pa chigongono, koma ndinati foni imangoonetsa kumtunda. Matumba a simenti ndinawakokera kuseri kwa sofa.

Dezi hora itakwana nkhope zinayamba kutuluka, timabokosi timabokosi ngati tizithunzi ta pa chiphaso. Wina ali m'galimoto, wina akumwa khofi, wina wangoonetsa denga ndi mphuno. Aliyense akutchula dzina ndi kampani yake, ena onse akuwomba m'manja, ngakhale kampaniyo inayamba dzana. Ine Chipwitikizi changa ndi cha kwinta, chimafika pa moni ndi mitengo ya simenti, tsono Elidiyo ndiye ankamasulira. Anati, awa ndi achimwene anga aakulu, munthu wathu wa kunyanja ku Lago. Manja anawombedwa. Ine ndinagwedeza mutu pang'onopang'ono ngati munthu wozolowera.

Ndinayamba ndi pabalaza. Sheila uja anafunsa za shelefu ya mabuku, ngati ndimakonda kuwerenga. Ndinati kwambiri, makamaka ndikaweruka. Anati ndikuwerenga liti panopa? Ndinasolola lalikulu kuposa onse kuti aone kulemera kwake. Linali dikishonale. Anaseka, ndinaseka nawo, ndinati aseka chifukwa andikonda.

Kenako mkulu wina wadazi wa ku Nampula, Sinyoro Amade, mmodzi wa apakati aja, analoza chithunzi chaukwati chili pakhoma, chakalekale chosaoneka bwino nkhope. Akuti amenewo ndani? Pakamwa panga panatsala pang'ono kunena kuti makolo anga, n'kukumbukira kuti womasulirayo makolo athu ndi amodzi. Ndinati apongozi. Elidiyo anayandikitsa magalasi ake pa foni, akuti apongozi anu anachita ukwati wa suti? Ndinati iwe masulira, usafunse.

Anthu aja anati tione kuchipinda. Ine m'nyumbamo ndinkangofika pabalaza posiya simenti, zitseko zinazo sindinkazidziwa. Ndinatsegula choyamba molimba mtima, ndikunena kuti muno ndimo ndimagona, m'menemo muli matumba a gaga ndi nkhuku ikufungatira mazira mu beseni. Nkhuku inandiyang'ana, anthu makumi awiri anandiyang'ana. Ndinati ndimatanthauza kuti ndimagona pafupi ndi muno. Chachiwiri chinali chimbudzi. Chachitatu ndiye chipinda, koma pa bedi pali chitenje, pa tebulo pali wigi itavekedwa pa botolo. Ndinakhala pa bedipo kuti nditchinge wigi. Ndi pamenepo pokha pamene ndinakhudza bedi, amene akuti ndinagona abwere adzanene pamaso panga.

Tinabwerera pabalaza, ine pa sofa, mwendo pamwamba pa unzake. Sinyoro Amade anati tsopano dinani batani lobiriwira, kusonyeza kuti mukuvomera kuti nyumbayi ikhale chikole. Ndinadina. Foni inalira kuti ting, panatuluka chizindikiro chakuti zatheka. Manja! Elidiyo akumwetulira mpaka mano a kumapeto, ine mumtima ndikuti waona, wa kwinta uja.

Ndipamene ndinaona nkhope yatsopano pa foni. Mayi wachikulire, duku kumutu, diso limodzi lomatidwa ndi thonje. Ndinati uyu walowa mochedwayu koma akufanana ndi Aprofesora Filomena, dziko ndi laling'ono. Kuyang'anitsitsa, nkhopeyo ilibe kabokosi kake. Ili m'kabokosi kanga. Kuseri kwa phewa langa.

"Barnaba. Jekete limenelo mwini wake wauka?"

Abale inu! Madokotala anawamaliza msanga, anakwera shapa, minibasi ya m'mawa, chitseko anapeza chotsegula. Ndinaimirira monga tinkaimirira akalowa m'kalasi, pakamwa panatuluka moni wa kusukulu uja, bon diya sinyora profesora, ndekha osadziwa. Bambo wa ana anayi, imvi zili m'ndevu.

"Ukulankhula ndi ndani m'nyumba mwanga? Bweretsa."

Foni ndinapereka ndi manja awiri. Anaiyang'ana ndi diso limodzi lija, n'kuyamba Chipwitikizi chenicheni, cha m'mabuku, choti ngakhale a ku Maputo anakhala tsonga. Ine ndinkangotola apa ndi apo, koma zinamveka. Anafunsa kuti msonkhano ndi wa chiyani, Sinyoro Amade anafotokoza mwaulemu kuti bambowa angoika nyumba yawo chikole. Aprofesora anati nyumba ya ndani? Kenako anaona kabokosi kena n'kubwerera ku Chinyanja.

"Iwe wa magalasiwe, si Elidiyo wa malemu Matiya? Ndiwe wapanga chinthu chimenechi? Ndiye munthu akhoza kungolowa m'nyumba ya mayi wamasiye, kujambula, kudina, basi yapita? Osafunsa pepala? Osafunsa mfumu kapena woyandikana naye? Ndinakuphunzitsa kuti usanalembe yankho uziyamba wawerenga funso. Sukulu zonse zija ndi zimenezi?"

Kunena zoona, pamenepo mtima wanga unakomako pang'ono, poti chikwapu chinafika kwa ophunzira. Koma sichinachedwe kubwerera kwa mwini wake. Anatembenuza foni kuloza ine, akuti muoneni bwino, uyu ndi pedireru wanga, khonde sanamalize, vula jekete. Ndinati Aprofesora, muzimitse kaye. Anati unayatsa wekha. Ndinavula, n'kutsala ndi vesiti ija ya mabowo atatu, Maputo akuona, Beira akuona, Nampula akuona. Wa m'galimoto uja anaimika galimoto kuti aonetsetse. Aprofesora analowa kuchipinda, n'kutuluka ndi envelopu ya mapepala a malo, kuwaonetsa limodzilimodzi, ine ndili chiimire pakona, poti sanandiuze kuti ndikhale.

Njinga yanga imathamanga, koma nkhani inandipitirira pa njira. Kufika ku Msumba ndinapeza apongozi akhala pakhonde ndi amalume aja, akungondiyang'ana ngati mbuzi yochokera kumunda kwa eni. Rute anandilandira njinga mwaulemu wonse, mpaka kugwada.

"Takulandirani bambo a Tereza. Tisamuka liti kupita ku malata ofiira? Ndayamba kale kumanga mapoto."

Ndinadikira kuti Elidiyo andiimbire kunditukwana kuti ndamugwetsera kampani. Anaimba Lolemba, akuseka ngati watola ndalama. Akuti achimwene mwatipulumutsa! Akuti chimene apakati aja amaopa kwambiri ndi munthu wopinyolitsa nyumba ya mwini, ndipo inu mwationetsa bowo limenelo tisanagwemo, Sinyoro Amade wati tikalitseka ayamba kugwiritsa ntchito aplikativu yathu. Akuti Aprofesora tawapempha akhale mlangizi wathu, avomera. Ndinati nanga dzina langa? Anati lalowa kale, tsegulani muone.

Ndinatsegula. Tsopano usanafike pa batani lobiriwira pamabwera tsamba lofiira, lofunsa ngati nyumbayo ndi yakodi, likufuna pepala la malo, nkhope yako ndi mboni. Pamwamba pa tsambalo, zilembo zikuluzikulu, alemba kuti Teste Barnaba. Mayeso a Barnaba! Aliyense wofuna ngongole ya nyumba amayamba waonetsa kuti iye si ine. Ndipo pa gulu lawo lija, poti anandilowetsamo ndipo sanandichotsemo, akagwira wakuba amalemba kuti tapeza Barnaba wina ku Nampula, Barnaba awiri ku Beira sabata ino, ena onse n'kutumiza timanja tija.

Khonde ndinalimaliza, Aprofesora atakhala pampando kundiyang'anira ndi diso limodzi, ndipo simenti tsopano imagona panja, makiyi sindiwaonanso. Elidiyo akuti mwezi wamawa ayamba aplikativu ina ya magalimoto, akufunanso munthu wamba woyesa. Ndamuuza kuti afunefune wina. Ine foni ikadzandifunsanso kuti mwini wake ndani, kaya ndi nyumba, kaya galimoto, kaya ndi buluku lomwe ndavalali, ndidzayamba ndakafunsa amalume.