Bokosi Losalowa Madzi la a Kamwendo

Nkhani iyi kwathu aliyense amafuna aziinena yekha alendo akabwera, ndipo akamainena amathira mchere wambiri. Ndiye bola ndidzichititse manyazi ndekha, koma mwadongosolo.

Dzina langa ndine Tiwonge. Ndimakhala ndi malume anga ku Karonga Boma chifukwa cha sukulu. Ife timawatchula kuti asibweni. Iwo ndi dalaivala wa Landirova ya abwana oyeza ngalande za m'minda ya mpunga, a Kamwendo, ochokera ku Ntcheu. Mvula ikayamba abwanawa amakagona m'tenti ku Wovwe. Chaka chatha zofunda zawo zinanyowera pamwamba pa galimoto, anabwerako ndi chifuwa chachikulu, ndipo anawauza asibweni pamaso pa anthu kuti zikadzachitikanso abwerera kuthirakitala komwe anachokera. Asibweni thirakitala amadana nayo kuposa njoka. Amati inawathyola msana, ndiponso palibe amene amapatsa moni munthu wa pathirakitala.

Holide ino asibweni anabwera ndi mabokosi awiri achitsulo a kuofesi, onse obiriwira, okhala ndi mphira kuchivindikiro. Pakaliya, pamwamba pa galimoto, pamakwana limodzi lokha chifukwa cha tayala la sipeya ndi majerikani. Anati popeza ndayamba Fomu Wanu ndipo ndikuphunzira sayansi, ndisankhe losalowa madzi, ndilongedzemo mabulangeti, neti ndi tenti. Ulendowo ndinali nawo, chifukwa amayi anga ali ku Wovwe komweko.

Mtima wanga unafufuma ngati mandasi. Munthu wamba akanangoyang'ana ndi maso n'kuloza. Koma aphunzitsi athu amati maso amanama, pamafunika eksiperimenti. Ndinaganiza chonchi: madzi akalephera kutuluka, alepheranso kulowa. Mpaka lero ndikulimbikira kuti ganizo limeneli linali labwino.

Ndinatenga ndowa, ulendo wa kumtsinje. Madzi ake anali amatope, koma sayansi sisankha madzi. Ndinadzaza mabokosi onse awiri mpaka pakamwa, n'kutseka. Loyamba linayamba kudontha pakona ngati mwana wachimfine, posakhalitsa linatsala lopanda kanthu. Lachiwiri, pansi pake gwa, pouma. Ndinatenga choko n'kulichonga, n'kulembapo "Gudu" monga amachitira aphunzitsi.

Madziwo ndinawasiya kaye mommo, chifukwa eksiperimenti imafuna nthawi. Koma abakha a azakhali, akazi a asibweni, anayamba kukwera pa mabulangeti a abwana. Ndiye ndinapukuta bokosi lodontha lija, n'kubisamo katundu yense mongoyembekezera. Nthawi yomweyo azakhali anandituma kuchigayo. Kumeneko mzere unali wautali, ndipo anyamata a chipani anali pakhomo kufunsa makhadi mmodzimmodzi.

Pobwera, ndinapeza bokosi la "Gudu" lili kale pamwamba pa Landirova.

Kunena zoona, asibweni anamanga bwino. Pansi pake anayalapo zidutswa za tayala kuti lisagwedezeke, zokowera anazilozetsa kumbuyo kuti mvula isamaombe pakamwa pake, chingwe anachipingasa, m'makona n'kukokamo malegeni. Thukuta linali kamukamu. Anaitana amuna a nyumba zoyandikana kuti awathandize kunyamula, ndipo asibweniwo ankafunsa abwana mwaulemu ngati chaka chino agula mabulangeti achitsulo. Abwana anaseka, anati mwina amayi akunyumba awonjezeramo mapoto.

Kenako abwana anandipatsa dzanja. Ndinagwada. Anati dziko likufuna atsikana otere.

Muyenera kudziwa kuti chibadwire, mawu amene ndinayankhulapo kwa munthu wovala tayi ndi akuti "Ndili bwino, kaya inu." Ndinadzitonthoza kuti asibweni ndi munthu wamkulu, ayenera kuti anakhuthula madzi n'kulongedza okha. Ndinakwera kumbuyo. Tikutuluka pampanda, ndinacheuka. Bokosi lodontha lija linali phee pabwalo, kansonga ka bulangeti lofiira kakusuzumira pachivindikiro ngati lilime.

"Asibweni," ndinatero.

Sanamve. Abwana anali pakati pofotokoza za ngalande, ndipo mwana sadula akuluakulu pakamwa. Ndinati ndidikire amalize. A Kamwendo samaliza.

Titasiya nyumba za pa Boma, ndinayesanso. Mawu anatuluka ochepa ngati a udzudzu. Asibweni anandiyang'ana pagalasi, anaona nkhope yanga, anaimika galimoto n'kundilozera tchire. Manyazi anandigwira kwambiri moti ndinatsika, ndinakaima kuseri kwa mtengo osachita kanthu, n'kubwerera kudzathokoza.

Galimoto ikakhota, denga limalira, yonse n'kupendekeka ngati bwato. Asibweni anatsika kukagwedeza zingwe, anagogoda masipuling'i, anakwawira pansi. Sanapeze vuto. Ndinatsegula pakamwa kachitatu, abwana anati mwanayu wachita chizungulire, anandipatsa switi. Ndinalandira ndi manja awiri. Munthu ungawauze bwanji abwana kuti alibe zofunda, switi yawo ili m'kamwa mwako?

Kenako mvula inagwa, ya kwathu kuno, yosaona kutsogolo. Asibweni ankangoyang'ana kudenga, milomo ikupemphera. Koma abwana anasangalala kwabasi. Anamenya denga ndi chikhatho.

"Igwe! Igwe mpaka itope! Chaka chino tili ndi sayansi."

Ine ndinameza switi yosasungunuka.

Tinafika ku Wovwe dzuwa litatulukanso. Anthu okumba ngalande anabwera kudzathandiza kutsitsa katundu, ndipo amayi anga anali pomwepo, atamva kuti tikubwera. Bokosi linatsika movutikira, amuna akubuula. Abwana anawaimitsa onse. Anawauza kuti aone phindu lotumiza mwana wamkazi kusukulu, anandiimika pambali pa bokosi, amayi anga n'kuyamba nthungululu. Kenako anawerama, anamasula zokowera, anatukula chivindikiro.

Madzi, ndendende mpaka pakamwa.

Abwana anapinda malaya, analowetsa dzanja mpaka m'chigongono, anafufuza uku ndi uku. Ndikuganiza kuti ankayembekezerabe kukhudza bulangeti. Atadzuka sanayang'ane ine. Anayang'ana asibweni. Anayankhula motsitsa, zimene zili zoopsa kuposa kukalipa. Anati mwanayu anasankha bwino, anaona okha choko, ndiye wolakwa ndi womanga: bokosi linatseguka panjira, katundu anagwa, mvula n'kudzaza. Anati Lolemba asibweni akapereke makiyi.

Asibweni anavula chipewa. Sanatsutse, chifukwa dalaivala satsutsa. Anangoyang'ana m'bokosimo ngati munthu woyang'ana m'manda. Ndinaona thirakitala m'maso mwawo, ndipo ndinakoka mpweya kuti tsopano ndinene, zivute zitani.

Koma wina anandiyambirira. M'madzi muja munatumphuka kansomba kakang'ono ngati chala changa, kanazungulira n'kumira.

Asibweni anakayang'anitsitsa. Anavalanso chipewa pang'onopang'ono.

"Bwana, ine ndinabadwira konkuno. Mvula yathu ndi yamphamvu, enya. Koma nsomba sinayambe yagwetsapo."

Maso onse anatembenukira kwa ine. Ndinagwada m'matope momwemo n'kufotokoza zonse, ndowa, abakha, chigayo, ndikuyang'ana nsapato za abwana. Chichewa chinandithera panjira, ndinamalizira m'Chitumbuka. Amayi anga anaphimba nkhope ndi chitenje.

Abwana anafunsa funso limodzi lokha: chifukwa chiyani sindinanene panjira ponse paja? Ndinayankha zoona, kuti iwo anali akuyankhula. Okumba ngalande anatembenukira kumbali, mapewa akugwedezeka, chifukwa nawonso amawadziwa a Kamwendo.

Abwana anazungulira bokosi lija, anagwira pansi pake, anagwira m'mbali. Anati madzi ayenda msewu wonse uja wamabampu osatayika dontho, ndiye bokosi ndi labwino, ndipo amene anamanga chinthu cholemera chonchi osagwa nacho ndi dalaivala weniweni. Makiyi asunge. Koma atembenuke pompano akatenge zofunda.

Asibweni anakapeza bokosi lodontha lili pabwalo pomwe paja, mvula yonse itathera pamenepo. Mabulangeti, neti, tenti, zonse chonyowa. Abwana anakapempha malo kwa aphunzitsi a pafupi, anagona pamphasa atafunda jekete. Pa ulendo wonsewo, amene anafika bwino ndi katundu wake yense anali kansomba kaja.

Chivindikiro chotseka bwino n'chabwino pa bokosi, osati pakamwa pa munthu.