Boti la a Heber Snook si munda wa maluwa

Pa 14 Meyi 2024, komiti ya chitukuko ya kuno ku Murrin Cove, mudzi wathu wa m'mbali mwa nyanja, inakoka boti la malemu a Heber Snook ndi thirakitala, n'kukalikhazika pamphambano ya msewu waukulu. Inaliboola mabowo pansi, n'kulidzaza dothi, ati mudzalidwe maluwa oti alendo azijambula. Ndalemba makalata awiri, yankho palibe. Tsono ndifotokoze za mwini botiyo, poti ena a m'komitimo anali ali kumsana pamene nkhani yake inkayamba.

A Heber ndi msodzi uja ankatsitsira boti m'nyanja chaka ndi chaka, zaka makumi atatu ndi chimodzi, usodzi uli wotsekedwa. Boma litaletsa kugwira nsomba mu 1992, fakitale ya nsomba inatsekedwa, anyamata anathawira kutali ku chigawo cha Alberta kukagwira ntchito kumigodi ya mafuta, ndipo nyumba zambiri zinakhomedwa matabwa m'mawindo. Asodzi anzawo anagulitsa maboti, ena anawawaza nkhuni. A Heber anayamba kuyenda khomo ndi khomo kupempha penti.

Ndalama yogulira penti analibe, choncho ankatolera zotsalira za eni. Chaka china boti linali loyera ngati tchalitchi, poti pentiyo anali wa tchalitchi. Chaka china kutsogolo lachikasu, kumbuyo lofiirira ngati chipinda cha mwana wamkazi wa a Tizzard a m'mudzi muno. Mu 1998 linatuluka lobiriwira, ndendende mtundu wa chitseko changa, ndipo chitini changa cha penti chinali chitasowa m'kanyumba kanga kosungiramo zida sabata yomweyo. Ndinawapitira.

"A Heber, penti ameneyu ndikumudziwa."

"Mukumudziwadi, Aphunzitsi. Ndi wabwino zedi. Munagula kuti?"

"Ndikufunsa kuti wafika bwanji pano."

"Inu chitseko chanu chimapita kuti? Chimangoima pamodzimodzi. Botili lili ndi ulendo."

Sanandipepese mpaka kufa kwawo, ndipo sindinaiwale.

Boti lotero munthu mmodzi salitsitsa. Chiyambire makolo athu, madzi oundana akachoka padoko, mudzi wonse umasonkhana, kuyala mitengo pansi, n'kukankha boti lililonse ndi mapewa mpaka likhudze madzi. Mwambo umenewu ukanafa mu 1993 pakadapanda mkuluyu. Loweruka loyamba la Meyi ankaima pakati pa msewu atavala nsapato zake za mphira zomata zigamba, n'kumaitana anthu mayina ngati mphunzitsi m'kalasi. Amuna atatha, anayamba kuitana amayi. Abusa ankakankha. Namwino ankakankha. Ine, munthu wa digiri, amene ndinali mphunzitsi wamkulu zaka makumi awiri ndi zisanu, ndinathyoka msana mu 2003 pokankha boti lopita kukagwira nsomba zoletsedwa. Ndili chigonere pamchenga, iwo anandiweramira.

"Mwagona bwino pamenepo, Aphunzitsi. Mtengo umodzi unaperewera."

Tsiku lomwelo ndinawalalatira. Ndinawawerengera zimene akatswiri analemba m'nyuzipepala, kuti nsomba zinatha ndipo mwina sizibwerera ife tili moyo. Anamvetsera mwaulemu mpaka ndinamaliza.

"Nanga nsombazo zinawerenga nawo nyuzipepalayo?"

"Musachite zachibwana, bambo."

"Zikadzabwera n'kupeza padoko palibe boti ndi limodzi lomwe, zidzati anthu ake anasamuka. Manyazi ake adzakhala a yani?"

Umphawi unawaluma, tisanamizane. Galimoto anaigulitsa. Chaka china chisanu chitakula, mafuta otenthetsera nyumba anatha pakati pa Janyuwale, ndipo akazi awo, mayi Effie, ankagona atavala zikhoti ziwiri. A Heber anamasula injini ya boti n'kuigulitsa. Tonse tinati basi, zathera pomwepa. Meyi atakwana, mkuluyu anatulukira atasenza nkhafi ziwiri zosema okha.

"Injini ija inkaopseza nsomba," anatero. "N'kutheka ndi imene yatichedwetsa."

"Muwauze zoona, inu," anakuwa mayi Effie pakhonde. "Injini tinaiwotha!"

"Ndipo inatenthetsa bwino, mayi. Ndi injini yanji ina inagwirapo ntchito m'nyanja ndi m'khitchini momwe?"

Boma litalola kuti pa masiku ena a chilimwe munthu aziwedza nsomba zisanu za ndiwo, iwo ankapalasa m'mawa, n'kubwerera nazo zisanuzo akuimba ngati adzaza boti. Imodzi ya kunyumba, zinayi za amene anakankha. Yanga inkakhala yaing'ono nthawi zonse, ati poti ndimakankha ndi pakamwa. Zimenezonso ndinazisunga.

Koma chimene komiti sichidziwa ndi ichi. Anyamata a ku Alberta aja anayamba kupempha tchuthi cha Meyi. Pofunsidwa ankati abwera kudzaona amayi awo, koma Loweruka lija unkawapeza onse padoko, mapewa ali pa boti. Mabanja atatu amene anali atamanga kale katundu anamasulanso. Mmodzi wa iwo anandiuza yekha kuti sakanatha kudutsa ndi lole pamaso pa nkhalamba imene ikupenta boti.

Chaka chatha miyendo inawakana. Tinawanyamula n'kuwakhazika m'botimo, tinakankha iwo ali momwemo, akutilamula ndi ndodo. Litayandama, anaviika dzanja m'madzi.

"Zayandikira, Aphunzitsi," anatero. "Madziwa asintha fungo."

Ndinawauza kuti ndi fungo la penti. Anamwalira mu Febuluwale.

Loweruka loyamba la Meyi chaka chino palibe anaitana dzina la munthu. Ndinatsikira kudoko ndekha, ndinapezako mayi Effie ndi abusa, aliyense akunamizira kuti akungowongola miyendo. Tinaima pang'ono, tinakambirana za mphepo, tinabalalika. Anyamata a ku Alberta sanabwere. Msana wanga sunawawe, ndipo sindinasangalale nazo.

Pa 26 Juni, patangotha masabata asanu ndi limodzi chiboolereni boti lija, wailesi inalengeza kuti boma latsegulanso usodzi. Mayi Effie anazimitsa wailesi, anavala chikhoti, anayenda wapansi mpaka pamphambano. Anthu odutsa anawaona ataima pambali pa boti, akuliuza nkhaniyo. M'katimo maluwa anali atayamba kuphuka.

Tsono ndikufunsa inu, Darlene Tizzard, wapampando wa komiti, amene ndinakuphunzitsani ndekha kulemba kalata. Matabwa otsekera mabowo alipo, mmisiri alipo, ndipo penti ndigula ine, wobiriwira. Anthu okankha ndawapeza khumi ndi anayi, ine wa khumi ndi chisanu. Dothi lanulo mulichotsa tsiku liti? Nditchulireni tsiku, ndipo mundiyankhe molemba.