Kadamsana wa a Chimbalanga

Mwambi wa mapanga uja, ana inu, uli ndi pamene unayambira. Ena adzakuuzani kuti ndi wa makolo akalekale. Asiyeni. Ine ndinamva kwa Mayi Nasibeko eni ake, ndipo unayamba motere.

Ku Mponela kunali kagulu ka anthu okonda kuyang'ana kumwamba. Ankadzitcha Gulu la Nthanda. Munali aphunzitsi, anamwino, telala mmodzi ndi ena ongokonda macheza. Anthu a pamsika ankawaseka kuti akufuna munda kumwezi, koma iwo analibe nazo ntchito.

Mlembi wa gululo anali a Feston Kadzamira. Anali munthu wabwino mtima, wosatukwana, koma matenda awo anali amodzi: sankatha kusankha. Akapita kogula nsomba ankanyamula ina kumanja, ina kumanzere, n'kumaziyeza mpaka wogulitsa kuzilanda. Anthu ankati ngakhale pa ukwati, akazi awo ndiwo anachita kuwasankha iwo.

Wamkulu pa onse anali a Chimbalanga, amuna awo a Mayi Nasibeko, mphunzitsi wopuma ntchito. Ali mwana, kadamsana anadutsa kwawo, koma mayi awo anawatsekera m'nyumba n'kuwafunditsa bulangete poopa kuti achita khungu. Anangomva anthu akuimba zitini panja, nkhuku zikulowa m'khola masanasana. Kuyambira pamenepo ankangoti, "Ndisanafe ndidzalione dzuwa likudyedwa." Koma tsopano maso awo anali akuzima pang'onopang'ono. Adokotala anawauza mosabisa kuti chaka chamawa adzakhala akuyenda ndi ndodo.

Ndiye kunamveka pa wailesi kuti kadamsana akubwera. Ku Mponela dzuwa lidzangolumidwa pang'ono, koma kunyanja lidzazimiratu. Kunyanjako kunali zilumba ziwiri zoyang'anizana, cha Tsekwe ndi cha Mgwalangwa, ndipo chilichonse chinali ndi nyumba yoonera nyenyezi, yokhala ndi chimakina chachikulu choloza kumwamba. Nyumbazo zinali zozungulira, zopanda mawindo, zamdima m'kati, motero asodzi ankangozitcha mapanga.

Gulu linakumana kuti likonze ulendo.

"Tipite ku Mgwalangwa, makina ake ndi aakulu," anatero telala.

"Ku Tsekwe n'kufupi, ndiponso phiri lake si lovuta kukwera," anatero namwino wina.

A Chimbalanga anati, "Ine kulikonse. Bola mukandikhazike pansi m'mawa, nkhope kumwamba, osandisuntha."

Anawatuma a Kadzamira kuti asankhe chilumba chimodzi, aimbire foni oyang'anira kumeneko. Pa msonkhano wotsatira anabwera akumwetulira ngati munthu watola chikwama.

"Ndaimba konse kuwiri, ndipo konse akutidikira."

"Konse kuwiri bwanji?" anafunsa Mayi Nasibeko. "Matupi athu ndi angati?"

"Mayi, nyengo ino mitambo ndi yosadalirika. Kwina kukada, tithawira kwina. Munthu wanzeru amakhala ndi pothawira."

Mawuwo anamveka anzeru ndithu, moti ena anaomba m'manja. Mayi Nasibeko anangopukusa mutu.

Anafika kunyanja kutatsala tsiku limodzi, ndipo m'mawa wa tsiku la kadamsanayo anakwera boti la injini la Che Msusa, munthu wosalankhula zambiri. Anayamba ndi ku Tsekwe. Kumwamba kunali mbee. Woyang'anira phanga, mayi wansangala, anawalandira ndi manja awiri, n'kugawira aliyense magalasi akuda oteteza maso. Atamva za a Chimbalanga, anawagwira dzanja n'kuwakhazika pa mpando wandalema m'kati mwa phangamo. Kenaka anatembenuza makina aja kuti aponye chithunzi cha dzuwa pa khoma loyera, chachikulu kuposa lichero.

A Chimbalanga anatsamira kutsogolo.

"A Nasibeko! Ndikuliona! Lozungulira bwinobwino, mpaka m'mphepete mwake!"

Nkhalamba inaseka ngati mwana. Mayi Nasibeko ankati pa zaka zonse za banja lawo sanamvepo amuna awo akuseka chotero.

A Kadzamira okha ndiwo mtima sunali m'malo. Ankatuluka, kulowa, kutulukanso. Kenaka anaona kamtambo chakumwera, kakang'ono ngati nthenga ya nkhuku. Nthawi yomweyo foni yawo inalira. Anali woyang'anira wa ku Mgwalangwa.

"Muli pati, a mlembi? Kuno kulibe ngakhale kamtambo. Takusungirani malo kutsogolo, ndipo tiyi wapsa."

A Kadzamira anayang'ana kamtambo kaja. Kanaoneka ngati kakula. Anachitanso manyazi kumuuza munthu amene waphika kale tiyi kuti sabwera. Analowa m'phanga akuwomba m'manja.

"Anzanga, tinyamuke! Mtambo ukubwera. Nthawi ilipo yokwanira, tithawire ku Mgwalangwa."

"A Kadzamira, bambowa akhazikika, dzuwa akuliona," anatero Mayi Nasibeko. "Pitani nokha."

"Ndiye mtambo ukawaphimbira, mudzati wolakwa ndani? Zonsezi ndikuchitira iwowa, mayi."

A Chimbalanga anali munthu wosafuna kuvutitsa anzawo. Anayang'ana khoma lija kanthawi, kenaka anafufuza chogwirira cha mpando n'kuimirira.

"Tiyeni, a Nasibeko. Mnyamatayu ndiye ali ndi maso."

Anatsika phiri, n'kukwera boti. Che Msusa anangofunsa kuti, "Kuti, achimwene?" A Kadzamira analoza ku Mgwalangwa, injini n'kulira.

Atayandikira, anaona padoko pali maboti ambirimbiri, ndipo anthu ali pamzere wautali wokwera phiri. Kuseri kwa chilumbacho kunali kukwera mtambo wina, wokulirapo. A Kadzamira anacheuka. Tsekwe anali kuwala ngati mbale yatsopano. Foni inaliranso. Anali mayi wa ku Tsekwe uja.

"Kamtambo kanu kaja kapita. Mpando wa agogo ndawakaniza anthu, ukadali wopanda munthu. Mubwerera?"

A Kadzamira anapukuta thukuta.

"Che Msusa, tembenuzani."

"Si tafika kale apa?" anakuwa telala.

"Simukuona mtambowo? Simukuona mzerewo? Agogowa angakwere phiri limenelo?"

Che Msusa anati, "Ine ndimapita kumene mwaloza." Boti linakhota.

Ali m'njira, wina anavala magalasi akuda aja n'kufuula kuti dzuwa layamba kulumidwa. Onse anavala awo. Zoonadi, m'mphepete munali mutachoka kachibenthu.

"Ine sindikuona, n'laling'ono kwambiri," anatero a Chimbalanga. "Tifika posachedwa?"

"Pompano, agogo," anayankha a Kadzamira.

Apo n'kuti foni ikuliranso. Wa ku Mgwalangwa uja anati anawaona akubwerera ndipo wakhumudwa. Anati mtambo uja wapatuka, mzere watha, ndipo watuma anyamata ndi machira kuti adzanyamule nkhalamba. A Kadzamira anaimirira pakati pa boti, akuyang'ana uku, akuyang'ana uko, pakamwa pali yasa. Zilumba zonse ziwiri zinali pa mtunda wofanana.

"Bwererani... ayi, pitirizani... dikirani kaye, ndiganize."

"Mukalankhulanso, ndikuponyerani m'madzi inu ndi foni yanuyo," anatero Mayi Nasibeko.

Koma sanafunike kutero. Injini inatsokomola, inatsokomolanso, n'kukhala chete.

"Mafuta ndinathira a ulendo umodzi," anatero Che Msusa. "Za gule uyu simunandiuze."

Tsono mtambo uja umene unapatuka ku Mgwalangwa unali ndi kolowera. Unabwera molunjika n'kudzaima pamwamba pa boti lawo, wakuda bii. Mphepo inazizira, ndipo mvula inayamba, ya madontho akuluakulu, yoyamba chaka chimenecho. Analibe lona, analibe ambulera. Amuna anayamba kupalasa ndi matabwa okhalira, amayi akukapa madzi ndi mbale za kamba wa paulendo.

Kenaka mdima unagwa. Sunali mdima wa mvula ayi. Unabwera mothamanga pamwamba pa madzi, ndipo aliyense anasiya chimene ankachita. Kuchokera ku Tsekwe kunamveka nthungululu, kutali, ngati za kumaloto. Kuchokera ku Mgwalangwa kunamveka malikhweru ndi ng'oma. Konse kuwiri kumwamba kunali koyera, ndipo anthu anali kuona.

A Chimbalanga anali atakhala kutsogolo kwa boti, magalasi akuda ali kumaso, nkhope kumwamba, madzi akutsika m'ndevu.

"A Nasibeko, wafika? Mukuona chiyani?"

A Kadzamira ndiwo anayankha.

"Wafika, agogo. Akuoneka bwino kwambiri. Dzuwa lada, ndipo lazunguliridwa ndi mphete yoyera..."

"Musavutike, mwanangu," inatero nkhalamba mofatsa. "Maso ndiwo akundithawa, koma nkhope yanga mvula imaimva."

Posakhalitsa kunayamba kuyera, mtambo unapitirira ulendo wake, ndipo dzuwa linatuluka ngati palibe chachitika. A Chimbalanga anavula magalasi aja, anawapukuta ndi malaya onyowa, n'kuwapinda bwinobwino.

"Tikabweze kwa eni ake. Sitinawagwiritse ntchito."

Asodzi ena ndiwo anawakoka mpaka ku Tsekwe. Kumeneko anapeza anthu akukumbatirana, ena akulira ndi chimwemwe. Mayi woyang'anira uja anathamanga ndi foni kuti awaonetse agogo zithunzi. A Chimbalanga anaiyandikiza kumaso, anaitalikitsa, kenaka anaibweza n'kuthokoza mwaulemu. Anapempha kuti awalowetsenso m'phanga muja. Mpando unali pomwe anausiya. Anakhalapo kanthawi, akudontha madzi, akuyang'ana khoma loyera lopanda kanthu.

A Kadzamira sanalowe. Anakhala pa mwala panja, mutu uli m'manja, akulira mokweza ngati pamaliro, mpaka ana a pachilumbapo anawazungulira.

Chimanga chisanache chaka chimenecho, maso a a Chimbalanga anazimiratu. A Kadzamira anatula pansi ulembi popanda wowauza. Lamulungu lililonse ankabwera kudzawagwira dzanja kupita nawo kutchalitchi, ndipo anachita zimenezi mpaka nkhalambayo inamwalira. Mayi Nasibeko anatha nthawi yaitali osawayankha a Kadzamira moni, koma pambuyo pake anayamba kumawaikira madzi osamba m'manja pa nthawi ya chakudya.

Tsiku lina nkhalambayo idakali moyo, atatuwo ali pakhonde, kunabwera mlendo, mnzawo wa a Chimbalanga wa kusukulu ya uphunzitsi, amene sankadziwa nkhaniyi. Atapatsana moni, mlendoyo anati, "Ndinamva kuti munapita kunyanja kukaona kadamsana. Amwayi inu! Munalowa phanga liti, la ku Tsekwe kapena la ku Mgwalangwa?"

A Kadzamira anawerama. Mayi Nasibeko anatsegula pakamwa, koma amuna awo anakweza dzanja. Anafufuza phewa la a Kadzamira, analisisita, ndipo akumwetulira anati:

"Tinali nawo onse, mnzanga. Mapanga awiri avumbwitsa."