Mphuno Yobwereka

Lolemba
Malungo atha, koma apita ndi mphuno yanga. Anyezi, khofi, ngakhale fodya wanga: zonse zii ngati madzi. Khukhi wa Bwana pa boma la Mzimba wosamva fungo! Akadziwa, ntchito yatha, ndipo kwathu ku Kasungu ndibwerera chimanjamanja. Loweruka kukubwera alendo anayi. Nzeru ndi iyi: NyaJere, mkazi wanga, azikhala kuseri kwa khitchini n'kumandinunkhizira.

Lachiwiri
Zikuyenda. Iye akununkhiza, ine ndikutakasa. Mbale za supu zabwerera zili mbee. Ndikudzitamandira ndekha.

Lachitatu
NyaJere akuti nyama ya gwape yawola. Ndataya. Mkaka, batala, mazira, nazonso kudzala. "Zonse zikununkha chomene, adada, ngakhale inu nomwe." Bwana wadya buledi ndi nthochi, akundiyang'ana cham'mbali.

Lachinayi
Apongozi afika kuchokera ku Engutwini. Amuyang'ana mwana wawo kamodzi n'kuseka: ali ndi pakati. Gwape uja analibe mlandu. Ndine wokondwa, ndiponso ndili ndi mantha, pakuti tikhala atatu. Mphuno yanga yobwereka ili gone pamphasa, ikusanza.

Lachisanu
Dokotala wa ku mishoni wandinunkhizitsa mabotolo atatu. Pa botolo lachitatu iye wakwinya nkhope, ine osamva kanthu. Akuti kamtsempha kotenga fungo kupita nalo ku ubongo kafooka, mwina kadzuka, mwina ayi. Kunyumba ndayesa tsabola, utsi wa ndowe ndi fodya wa m'mphuno wa apongozi. Ndapindula kuyetsemula.

Loweruka
Ndikuphika ndi maso okha, ndipo m'maso zonse n'zabwino. Madzi a pudingi ndatungira m'chitini chowala bwino chimene ndachipeza pakhonde. Palafini wake anatha dzulo. Mlendo mmodzi akuti pudingi wanga akhoza kuyatsa nyale. Ndagwada, ndaulula zonse.

Lamulungu
Bwana sanakalipe. Akuti munthu ngati ine boma lakhala likumufunafuna kuyambira kale. Mawa ndikuyamba ntchito yokhuthula zidebe za m'zimbudzi. Malipiro ndi omwewo, mwanayo adzadya. Zaka khumi ndi ziwiri ndikuphika supu wosadandaulitsa munthu, lero izi. Ndalirako pang'ono kuseri kwa tchalitchi. NyaJere wandigwira dzanja, akuti ndizisamba kawiri kumtsinje ndisanafike pakhomo, ndipo ndisamamutsutse akandibweza, pakuti ine sindidzadziwa.